Achimwene Ake a Khansala

Dera lija linali lalikulu, nyumba zothithikana kuyambira kumsewu wa phula mpaka kuseri kwa msika, ndipo pakati pake panadutsa chigwembe chimene mvula ikagwa chinkatsekereza ana a sukulu tsidya lina. Amene anatha nsapato kupita ku khonsolo kukadandaula za chigwembecho anali mmisiri wowotcherera zitsulo, amene aliyense ankangowatchula kuti a Weluda. Akafika kumeneko ankawakhazika pabenchi mpaka msana kuwawa, kenaka n'kuwauza kuti abwana ali pamsonkhano.

Ndiye kunabwera chisankho. Amene anapambana ukhansala anali mng'ono wawo wa bere limodzi, yemwe kale ankaitanira anthu pa minibasi. Chaka chisanathe, magalimoto a khonsolo anatsitsa miyala ndi simenti pachigwembe paja, mlatho n'kuyamba kuoneka.

"Koma mng'ono wanu ndi mwamuna, a Weluda!" ankatero anthu obwera kudzawotcheretsa mageti.

Iwo ankangovala magalasi awo akuda n'kuyatsa makina. Mumtima munkatentha kuposa chitsulo chili pamoto. Mwana amene anamulera okha, kumugulira nsapato yoyamba, lero anthu akumuvulira zipewa?

Tsiku lina Khansala anafika pashedi pawo atavala jekete.

"Achimwene, zitsulo za m'mbali mwa mlatho zikufuna munthu wa dzanja labwino. Ndati ndiyambire kwa inu."

"Iwe ndiye undilembe ganyu ine? Kafunse amene anakuvotera."

"Kodi inu simunandivotere?"

"Voti ndi chinsinsi," anatero a Weluda, n'kupitiriza kukhoma.

Ntchitoyo inapita kwa mmisiri wina. Mlatho utatsegulidwa, a Weluda anakana kuupondapo. Popita kukagula zitsulo ankazungulira kumsewu waukulu, n'kubwerako thukuta lili kamukamu.

"Inu abambo, nsanje imeneyi ikuwondetsani," anatero akazi awo. "Alamu anakulakwirani chiyani?"

"Wansanje ndani? Ine ndimangoona zolakwika basi."

Zolakwikazo anapita nazo kumsonkhano wa anthu a m'dera, muholo ya sukulu. Anaimirira, nayalutsa za mulu wa zinyalala wa kumsika, fungo lake, ntchentche zake, ndi galimoto ya khonsolo imene inkaoneka mwa apo ndi apo ngati mlendo.

"Mlatho tauona," anamaliza motero, "koma mphuno zathu zinalakwanji, a Khansala?"

Anthu anaseka, nawomba m'manja. A Weluda anakhala pansi mtima uli mbee, kudikira kuti mng'ono wawo achite chibwibwi. Koma iye anaimirira mofatsa.

"Achimwene anena zoona. Anandilera ndi iwowa, ndipo dera lino amalidziwa kuposa ine. Ndikuwapempha pamaso panu kuti atsogolere komiti yoona za ukhondo."

Holo yonse inachita kugwedezeka ndi m'manja. Mayi amene anakhala kumbuyo kwa a Weluda anauza mnzake, "Khansala wodzichepetsa chonchi tidzamupeza kuti?"

Kukana pagulu kunali kovuta. A Weluda anaigwira ntchitoyo ndi ukali, kuti anthu aone kuti mwamuna weniweni ndani. Anadula migolo yakale n'kuiwotcherera zogwirira, naiika pakhomo lililonse la msika. Dalaivala wa galimoto ya zinyalala anatopa ndi mafoni awo mpaka anayamba kufika yekha asanaitanidwe. Msika unayera.

M'mawa wina akudutsa pa amayi ogulitsa masamba, anamva wina akuti, "Khansala wathu watichotsera fungo, Mulungu amudalitse."

A Weluda anabwerera kunyumba osagula chimene anapitira.

Chisankho china chitayandikira, a Weluda nawonso anaima, kupikisana ndi mng'ono wawo. Akazi awo anawachonderera, abale anabwera kudzawakhazika pansi, koma zinalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Zithunzi za awiriwo zinamatidwa pamapolo omwewo a magetsi, nkhope zofanana ngati mapasa, mwakuti ena okalamba ankafunsa kuti wa mlatho ndi uti. Mavoti anagawikana pakati, ndipo mpando unapita kwa mayi wina wa sitolo ya mankhwala.

Kutacha, mng'ono uja anafika pashedi wapansi, wopanda jekete. Anakhala pachitini cha penti.

"Mwakhutira tsopano, achimwene?"

A Weluda anafufuza chisoni mumtima mwawo, koma sanachipeze. Thupi linali lopepuka ngati munthu amene watula katundu wolemera. Anatsala pang'ono kumutumira tiyi.

Nthawi yomweyo panadutsa bambo wina wa galaja ya pafupi. Ataona mng'ono uja anaima, navula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, a Khansala? Musadandaule, kwa ife ndinu khansala mpaka kale." Kenaka anatembenuka. "Nanga inu a Weluda, geti langa lija latha?"

"Mubwere mawa," anayankha a Weluda.

Za tiyi zija anazisiya.