Msilikali Wopanda Mawu wa pa Migowi

Cornelius atabwerako ku Joni mu 2004, anatsegula kanyumba ka magemu a pa TV kuseri kwa golosale ya mlamu wake pa Migowi. Gemu imene anthu ankaikonda inali ya msilikali woyenda yekha m'nkhalango. Msilikaliyo sankayankhula. Anthu a m'gemumo akamufunsa kanthu, iye du. Ngakhale amubaye, du.

Amene anamupatsa pakamwa anali Howard, wakabaza wina wocheza kwambiri. Akatsitsa munthu pamsika, ankatsamiritsa njinga pakhomo n'kuima kumbuyo kwa wosewera. Msilikali akamawoloka mtsinje, Howard ankakuwa kuti, "Mayo ine, nsapato zobwerekazi!" Msilikaliyo akakumana ndi chilombo, Howard ankachilonjera m'Chilomwe n'kuchifunsa ngati kwawo nandolo wabereka. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Poyamba Cornelius ankaseka nawo. Zinamuipira tsiku limene Mervis, bwenzi lake losoka zovala pakhonde loyandikana ndi kanyumbako, anasiya diresi pamakina n'kubwera kudzamvetsera. Tsikulo amene ankasewera anali Cornelius yemwe, ndipo anapha chilombo chimene chinali chitakanika aliyense. Atacheuka, anapeza Mervis akupukuta misozi ya phwete, maso ali pa Howard.

"Waona mmene ndachigwetsera?" Cornelius anamufunsa madzulo ake.

"Ee, koma a Howard aja! Akuti chilombo chafa ndi manyazi."

Zala zinali za Cornelius, gemu inali yake, koma msilikali anali atasanduka Howard. Ngakhale ana panjira ankamutchula kuti "msilikali wa a Howard".

Loweruka anakwera minibasi ya ku Limbe, nabwerako ndi gemu ina. Mwamuna wa m'gemu imeneyi anali ndi mawu akeake, okhuthala, ndipo Chingerezi chake sichinkaduka. Howard anayesa kuponyapo nthabwala, koma mawu awiriwo anangogundana, palibe anamva kanthu. Anayesanso, osatheka.

"Uyu ali ndi pakamwa pake, achimwene," anatero Howard mosakwiya n'komwe. Anatenga njinga yake n'kubwerera kusiteji.

Mtima wa Cornelius unakhala pansi, koma kwa sabata imodzi yokha. Osewera ankabwerabe, oonerera aja ndiwo anatha. Mervis anasuzumirako kamodzi, namvetsera pang'ono.

"Akuti chiyani ameneyu?"

Cornelius anayamba kumasulira mawu ndi mawu, moona mtima. Asanamalize, Mervis anati ali ndi yunifolomu yoti apinde.

Lachinayi lotsatira, Cornelius akusesa pakhomo, anaona njinga ya Howard ikulowera msewu wa ku Boma. Pakaliyala panali Mervis, atafungatira mpukutu wa nsalu, akupita kukasiya zovala kwa kasitomala monga ankachitira nthawi zonse. Howard ankapalasa uku akuyankhula, dzanja limodzi lili m'mwamba. Zimene ankanena sizinkamveka. Chimene chinafika kwa Cornelius chinali kuseka kwa Mervis basi, ndipo anaima pomwepo ndi tsache m'manja mpaka njinga inakhota.