Galasi la Basi ya ku Nyimba

Ine Wilbroad Lungu, zaka makumi awili ndikudula magalasi pa Petauke, ndinagonja kwa mkazi wanga pa nkhani ya galasi. Ha! Mpaka lelo ndimadzitukwana.

Munali mu 1986, shuga ndi sopo zikusowa. Katundu akafika, anthu ankakankhana pa mzele mpaka kuthyola zitseko. A Kalaluka, oyang'anila sitolo ina pa boma, anandiitana kuti nditchinge kauntala ndi galasi, ndisiye kabowo kopelekela katundu. Wogulitsa kuseli kwa kauntalayo anali Sophia, mwana wanga mmodzi yekhayo.

Galasi loyenela ndinkalidziwa: magalasi awili omatidwa ndi pulasitiki pakati. Likamenyedwa limang'aluka koma siligwa, zidutswa zimakakamila pa pulasitikiyo. Nanga masiku amenewo ukanalipeza kuti? Ndinapita ku Nyimba, kumene basi inagubuduzika pa phili n'kupha anthu asanu ndi awili. Mbali imodzi ya galasi lake lakutsogolo, la mtundu womwewo, inali yosasweka, ndipo ndinabwela nayo kunyumba.

Mkazi wanga Rabecca atamva kumene lachokela, anagwila kumutu. "Atate a Sophia, mwapenga? Galasi lomwe linaona anthu akufa, mwana wanga aziyang'anamo tsiku lonse? Mukufuna mizimu imutsate?"

Analila masiku atatu, anakana kundiphikila, anaitana ndi alongo ake omwe kuti andiweluze. Ine chitsilu, ndinatopa. Ndinaika galasi wamba, lokhuthala ndithu, n'kumadzinamiza kuti lipilila.

Linapilila masabata asanu. Tsiku lomwe kunafika mafuta ophikila, gulu linakankha, bambo wina anagwela pa galasi ndi phewa, lonse n'kuphulikila mkati, kumaso kwa Sophia.

Ku chipatala anamusoka malo khumi ndi anayi. Diso lamanzele linatha, lamanja adokotala anangoti tiona. Rabecca anakhala pansi pakhonde. Sindinamukalipile ayi. Wodziwa galasi ndinali ine, osati iye.

Pa tsiku lachisanu anesi anamasula nsalu zomanga mabala a m'masaya, za m'maso n'kuzisiya. Mtima wanga unasweka. Sophia anapapasa pabedi mpaka anapeza dzanja langa.

"Atate, inu simunama pa miyeso. Ndiuzeni, nkhope yanga ili bwanji?"

Ndinayang'ana mabala osokedwa aja.

"Ili bwino, mwanangu," ndinatelo. "Ili bwino kwambili."