Thanki ya a Neba Yaima Bwino

Thanki ya madzi ya a neba inali pamwamba pa nsanja yachitsulo, ndipo nsanjayo inapendekera kuchipinda chomwe munkagona khanda. Make mwana ankaiyang'ana pochapa matewera, poyanika, ngakhale poyamwitsa. Kamphepo kakangoti pang'ono, ankatola mwana n'kukaima kumsewu.

"Mayi, nsanja imeneyi ndinawotcherera ndekha," ankatero a neba. "Mukunyoza manja anga?"

Nkhani inafika kukhoti. Woweruza anabwera, anakankha mwendo wa nsanja ndi nsapato, n'kugamula kuti thanki yaima bwino.

Loya wa make mwana, mtsikana wamagalasi wolankhula maso ali pafoni, anati achite apilo kukhoti lalikulu. Anachitadi. Akudikira kuitanidwa, tsiku lina mayiyo ali kusikelo ndi mwana, thanki inagwa. Inaphonya chipinda cha khanda pang'onong'ono, n'kugona chopingasa pachitseko penipeni. Banja lonse linayamba kulowera pawindo.

A neba sanachite manyazi. Anawongola miyendo ya nsanja, n'kulengeza kuti mlandu ukangotha aikweza pamalo omwewo.

Tsiku la apilo make mwana anavala diresi yake yabwino, mtima uli m'malo kuti wapambana kale.

"Musatchule zoti inagwa," loya anamunong'oneza pakhonde.

"Aa! Chifukwa?"

"Kuno salandira umboni watsopano. Amangoona ngati woweruza woyamba analakwitsa pa zomwe anaona tsiku lijalo."

"Koma tsiku lijalo inali chiimire!"

"Ndiye vuto lathu limenelo."

Majaji anakhala pamipando yawo yaitali n'kuyamba kufunsa za nsapato. Inali ya mwendo uti? Anakankha mwamphamvu kapena anangosisita? A neba, omwe m'mawa womwewo anailambalala thankiyo popita kokwera basi, anadzuka n'kugwira pachifuwa.

"Mabwana, thanki yanga yaima bwino."

Make mwana analephera kupirira. "Yaima kuti? Ili pakhomo panga! Amuna anga ang'amba mathalauza onse pawindo!"

Jaji wamkulu anamuyang'ana mwachifundo pamwamba pa magalasi. "Mayi, thanki ya pakhomo panuyo khoti lino siliidziwa. Ife tikukamba za yam'mwamba."

Khanda linayamba kulira. Make analipatsa bere. Majaji akangonena kuti a neba apambana, mawa lomwe chinthucho chibwerera pamutu pa mwana wake.

Majaji ananong'onezana kwa nthawi yaitali. Kenako anagamula kuti nsapato si chipangizo choyezera nsanja, choncho woweruza uja analakwitsa. Mlandu ubwerere kwa iye, akaonenso bwinobwino ngati thankiyo yaima. Kufikira nkhani itatheratu, pasapezeke woikhudza.

"Ndiye ndisaikweze?" anafunsa a neba.

"Muikweza bwanji, bambo, poti mwati yaima? Musaikhudze."

Panja bambo a mwana anakhala pamasitepe, manja kumutu. "Amake mwana, msana wanga watha ine. Tingovomereza, aichotse pakhomo."

"Aichotse apite nayo kuti, bambo ake? Chinthu chili pansi sichigwera munthu."

Make mwana anatembenukira kwa loya, yemwe anali atayamba kale kutsika.

"Achemwali, taimani. Woweruza uja akagamulanso, tingachitenso apilo?"

"Mungathe, ngati pali cholakwika."

"Chidzapezeka. Nanga pamwamba pa majaji awa pali enanso?"

"Alipo. Koma mayi, kumeneko zinthu zimachedwa. Mwanayu angayambe sukulu mlandu usanathe."

"Nthawi yonseyo thanki ili pansi?"

"Osaikhudza."

Make mwana anapukuta kukamwa kwa khanda ndi kansalu, n'kulikonza bwino kumsana.

"Ndiye musathamange nawo, achemwali. Muzipita pang'onopang'ono."