Msasa Wopanda Penti

Napolo atakokolola mudzi wa m'mbali mwa phiri uja, amene anapulumuka anatsikira m'nkhalango ya boma, cha kumunsi kwa Chambe, n'kumanga misasa pakati pa mitengo ya bulugamu. Ankati n'zongoyembekezera. Koma mvula inatha, ina inabwera, mpaka zongoyembekezerazo zinayamba kuyanga maungu padenga.

Lamulo silinasinthe ayi. M'nkhalango ya boma munthu sagonamo, salimamo, ngakhale nkhuni satola popanda chilolezo. Linangotsinzina kaye, ndipo tsiku limene linadzuka, chitini cha penti wofiira chinagwera Hopewell, mlonda wa nkhalangoyo.

"Msasa uliwonse upake mtanda pachitseko," anatero a Sungani, abwana ake. "Mwini wake umuuze pamaso kuti pakutha pa mwezi akhale atasamukira kumalo amene awapatsa cha ku Nkando. Wosamuka yekha atenga malata ake. Amene tidzam'peze pano ndi wolowerera malo a boma. Katundu tidzalanda, mwini wake akayankha kukhoti."

Hopewell anali munthu wosavuta kum'tuma. Anayenda khomo ndi khomo, kupaka, kunena mawu omwewo. Ena anam'tukwana, ena anam'patsa madzi akumwa, iye zonse anangolandira. Msasa wotsiriza, wotsamira mwala waukulu, unali wa apongozi ake, amake Marjory.

Hopewell anakwatira chikamwini, ndipo napolo asanabwere ankakhala pakhomo pa mayiwa. Zaka zonsezo sanawayang'anepo m'maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'tchire. Akakhala ndi mawu, ankadzera mwa Marjory, mkazi wake. Mudzi utapita, Marjory anawapempha kuti akakhale nawo m'kanyumba ka kuntchito, koma anakana kwamtuwagalu: chipinda chimodzi ndi mkamwini, ngati amisala? Anafukula okha malata awo m'matope, malata amene malemu amuna awo anagula atapuma ntchito kuesiteti ya tiyi. Anawawongola ndi mwala n'kufolera msasawo. Pa zonse za m'banja lawo, chinatsala n'chimenecho.

Tsono Marjory anali kuchidikiro kuchipatala, mimba itakula, magazi akuthamanga, ndipo anamwino anali atachenjeza kuti asamamubweretsere nkhani zodetsa nkhawa. Mlomo wa Hopewell unali utagonekedwa m'chipatala.

Anaima pakhomopo, penti akudontha kuburashi. Amake Marjory ankapeta nandolo pambali pa msasa. Atamuona anatembenuka, n'kukokera chitenje kumutu monga mwa masiku onse. Kuwaitana n'kuwauza pamaso kuti chokani pano, pakamwa panakana. Kupaka chitseko chawo ngati cha munthu wamba, dzanja linakana. Anangokhosomola, n'kubwerera. Mumtima anati mawa atuma munthu. Mawa la Hopewell tikulidziwa tonse, silifulumira kucha.

Anthu a m'misasa saphonya zoterezi. Madzulo omwewo Kondie, mayi woyandikana nawo, anafika atagwira m'chiuno.

"Mwaonatu, amake Marjory, ubwino wa mkamwini wa yunifolomu? Ife ofiira zitsekofe ndiye tilibe athu."

M'mawa mwake amake Marjory anakatapa dothi lakuda n'kuzira pansi, mpaka pakhonde. Anzawo ankazula misomali, kumanga malata panjinga, kutsetsereka. Kondie anawasiyira ndi mtondo womwe kuti amusungire, poti iwo sakuchoka.

Mphekesera yakuti apongozi ake sakuchoka Hopewell anakaimva kumsika wa Chonde, ndipo inam'dyetsa mutu. Lamlungu anavala malaya abwino, anagula paketi ya shuga kuti mawu akatsetsereke bwino, n'kukwera. Anapeza misasa yambiri itasanduka mabwinja, woti n'kumutuma palibe. Apongozi atamuona ali patali, analowa m'nyumba n'kubweza chitseko. Iye anazungulirazungulira, anaika shuga uja pamwala, n'kutsika. Amake Marjory, amene anali akukayikabe pang'ono ngati atsaladi, tsiku limenelo anasiya kukayika. Munthu wodzakuthamangitsa sabwera ndi shuga.

Mwezi unatha. Lole inakwera ndi alonda ndi apolisi. Pamalo ponse panali mbee, kupatula msasa umodzi umene unkafuka utsi, pakhomo posesedwa bwino.

A Sungani anayang'ana chitseko, kenako Hopewell.

"Uwu ulibe penti bwanji? Mwini wake unamuuza kapena sunamuuze? Ngati sunamuuze, yunifolomuyo uvulire pompano."

Hopewell anachita mantha. Anaganiza za kanyumba ka kuntchito, za Marjory, za mwana amene anali m'njira.

Amake Marjory anali atatuluka, atakhala pansi chofulatira. Zonse anazimva, ndipo sanafunikire wowamasulira. Anakodola wapolisi wamkazi amene anali pafupi, n'kulankhula naye motsitsa, koma momveka kwa aliyense.

"Mwanawe, auze abwanawo kuti bambo awa anandiuza. Anabwera kawiri. Penti ndinakaniza ndine, amanunkha. Wamakani ndine."

"Mukudziwa kuti malatawa tilanda, mayi? Ndipo inu mupita nafe?" anafunsa a Sungani.

"Ndamva." Anatembenukiranso kwa wapolisi uja. "Uwauzenso bambowo kuti akwere okha padengapo. Anyamata enawa ang'amba. Iwo akuwadziwa malatawa, anagonapo pansi pake."

Hopewell anakwera. Anazula msomali umodziumodzi, osapinda lata ngakhale limodzi, kuwatsitsa mosamala ngati pali pena pokafolera. Manyazi anam'gwira kuposa mantha aja, koma manyazi sabweza mawu, ndipo iye sanatsutse zimene apongozi ananena. Anzake anagwetsa mitengo ya msasa, kupondaponda pozira paja. Mtondo wa Kondie nawonso unakwezedwa ngati katundu wolandidwa.

Kutsogolo kwa lole kunali kodzaza. Amake Marjory anawakweza kumbuyo, anakhala pamwamba pa malata awo, kamtolo ka zovala pamiyendo, paketi ya shuga yosatsegula ili pamwamba. Hopewell ndi amene anauzidwa kuti akhale nawo, kuopa angadumphe. Anakhala pakona, nkhope kuphiri, iwo nkhope kumsewu. Anayenda chofulatirana choncho, mwaulemu wonse, mpaka kupolisi.