Mtima wa a Eusebio

A Eusebio Baca anatuluka m'chipatala tsabola atayamba kufiira m'minda. Madokotala anali atatsegula mtsempha wa kumtima umene unatsekeka, ndipo anawauza kuti akapume. Koma akazi awo, mayi Ofelia, ankawadziwa bwino. Chikwatiranireni, bambowa chimfine chokha chinkawagoneka ngati akutsirizika.

M'mawa wina mayi Ofelia akuwotcha tsabola pakhomo, utsi uli tolotolo, amuna awo anatuluka atagwira pachifuwa.

"Ofelia, mtimawu ukuchita zachilendo. Uthamange, uime, uyambirenso. Ukuphiriphitha ngati nsomba yovuulidwa."

"Mwayambatu, bwana! Adokotala anakukonzani kale. Chatsala ndi ulesi basi. Tanditengerani kathumba ka tsabola kopepuka kaja m'galimoto."

A Eusebio anaseka, napita. Kathumbako sikanafike. Mayi Ofelia anangomva khu! Anawapeza ali kwala pafumbi, milomo itada, tsabola ali mbwee. Mfuu ya mayiwo inadzidzimutsa mnansi wawo, a Tiburcio, ozimitsa moto, amene anathamanga ndi kamakina kodzutsira mtima ndi magetsi. Anatsindika pachifuwa, kamakinako kanagwedeza thupi lonse, ndipo a Eusebio anakoka mpweya.

Kuchipatala dokotala anafotokoza kuti pamene mtima unavulala panatsala chipsera, ndipo chipseracho ndicho chinasokoneza kagundidwe kake.

"Sanadandaulepo kanthu asanagwe?" anafunsa dokotalayo, atayang'ana mayi Ofelia. "Chizungulire? Mtima kudumphadumpha?"

Mayi Ofelia anatsegula pakamwa, koma amuna awo anawatsogolera ndi mawu ofooka.

"Ayi, adokotala. Sindinauze munthu. Mumatidziwa amunafe."

Dokotala anawakalipira pang'ono, ndipo iwo anangogwedeza mutu ngati mwana wasukulu. Anawaika kachipangizo pansi pa khungu, kolondera mtimawo, ndipo banjalo linabwerera kwawo.

Atatsala awiri, mayi Ofelia anafunsa, maso ali pansi: "Munanamiranji?"

"Za ine ndi iwe n'za ine ndi iwe. Tandipatsa madzi."

Lamlungu mwana wawo wamkazi, Marisela, anafika kuchokera kumzinda wa Albuquerque. Anakumbatira mayi ake kukhitchini, akulira.

"Amayi, pakanapanda inu bwenzi titawaika. Adadi ndi ouma mutu, kubisa zinthu zoterezi!"

Mayi Ofelia anasuzumira pabalaza. A Eusebio anaika chala pamlomo. Mayiwo anatembenuka, napitiriza kusenda tsabola, maso akuyenga misozi.

"Ndi wowawa chaka chino," anatero.