Anatitumiza Nthawi Yothyola Fodya

Chaka chatha akuluakulu a sukulu yathu ya udokotala anatipatsa mafomu oti tilembepo madandaulo, osaikapo dzina. Ine ndinalemba mokwiya: "Mumatitumiza kuchipatala cha kumudzi ku Kasungu mu Julaye, matenanti a m'maesiteti atabwerera kwawo. Ndiye tiphunzire pa ndani?"

Ndinkayesa palibe amene awerenge, koma anawerenga, n'kulengeza dandaulolo m'kalasi. Chaka chino anatitumiza mu Febuluwale, fodya akuthyoledwa.

Mvula sinkakata. M'mawa uliwonse ngolo zinkatula anthu othyola fodya wonyowa, akusanza, ena chizungulire chitawagwira. Ukati ukhale pansi udye, umangomva kuti wina wagwa pakhonde.

"Amene analemba zija, ndikadzangomudziwa adzandiona," anatero Prosper, mnzanga wa m'kalasi, akukolopa masanzi kachitatu.

Ine ndinangopita kukawaika diripi mayi ena ochokera ku Mulanje. Mtsempha ndinaupeza kamodzi n'kamodzi.

Tsiku lonyamuka anatipatsanso mafomu. Prosper analemba msangamsanga ataphimba pepala ndi dzanja, koma ndinasuzumira ndithu. Analemba kuti: "Mwezi umodzi ukuchepa."