Kabotolo ka Modester

Voisi noti ija inalowa pa gulupu ya timu ya netibolo Modester, senta wa timuyo, ali m'chigafa, akusoka fodya. Mawu a Shalom, shuta wawo, akunong'ona: "Atsikana, osauza munthu, koma senta wathu ali pa chamba. Ndadzionera ndekha m'chikwama mwake, kabotolo kojambula tsamba." Osauza munthu, pa gulupu ya anthu onse, kochi ali momwemo! Pofika masana Nkhamenya yense anali atamva, mpaka a kabaza pa siteji.

Ndiye taganizani, fainolo ya netibolo inali Loweruka ku Kasungu boma, ndipo a timu ina yaikulu ya ku Lilongwe ankabwera kudzasankha osewera. Kochi Angella sanachedwe, meseji phwa kwa Modester: "Ndikubwera kwanu. Bambo ako akhalepo. Apo ayi, bibu ya senta avala wina."

Kabotoloko kanalipodi, si bodza. Mafuta ochokera ku chamba, inde, koma osaledzeretsa. Anamulembera ndi dokotala ku Lilongwe atamupeza ndi endometiriyosisi, nthenda ya dzina lalitali ngati ulendo wapansi wa ku Chisemphere. Tinyama tonga ta m'chiberekero timamera pena posayenera, ndiye mwezi uliwonse m'mimba mumachita ngati wina akukumbamo ndi khasu. Mafutawo kuchiza sachiza, koma timadontho pansi pa lilime, ululu unkatsika mpaka munthu kuimirira n'kugwira mpira.

Nanga zonsezo azinene bwanji? Kufotokoza kwake kunkadutsa pa mawu amodzi, kumwezi, pamaso pa a Mphepo, bambo ake enieni, tenanti wa pa esiteti, mkulu wa mpingo. Mwana wamkazi sayankhula zimenezo ndi bambo. Amayi ake anamwalira kale. Azakhali amene anamuperekeza kuchipatala, foni osapezeka, netiweki yake yomweyi.

Kochi anafika pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anakhala pa benchi pakhomo pa chigafa, a Mphepo pa belo la fodya, Modester pansi, kabotolo pakati pawo ngati mbava yogwidwa.

"Iwe, yowoya," anatero kochi. Akakwiya Chitumbuka chimatuluka chokha. "Ichi n'chiyani?"

"Mankhwala, madamu."

"A chiyani? Ukudwala chiyani iwe, munthu wothamanga ngati gwape?"

Modester anayang'ana zala zake zakuda ndi phula la fodya.

"Mwaona, adada? Palibe yankho. Ine timu ya osuta yayi. Akatiyeza magazi ku fainoloko, manyazi agwera ine."

A Mphepo ananyamula kabotolo, kukatembenuza, kununkhiza ngati akugireda tsamba. Basi, zatha, anaganiza Modester. Netibolo yapita, mwinanso ndi pakhomo pomwe.

"Madamu," anatero bambowo, "pali zina mwana sanganene ine ndili pano. Ndiye ndinene ndine. Chimwalirireni mayi ake, wophika panyumba pano ndi iyeyu. Pali masiku ena pamwezi ndiwo zimabwera zopanda mchere, mchere uli pambali m'kasosala kuti ndithire ndekha. Mukundimva?"

Kochi anagwetsa maso. Mkazi ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, ndani sadziwa?

"Nkhupulika, adada."

"Eya. Kale masiku amenewo ngakhale kasosalako kunalibe. Ndinkaphika ndine, iye atadzipinda kuseri kwa chigafa chomwechi, akuluma chitenje kuti ndisamve. Ndinkamva. Ndinkangokweza wailesi kuti asadziwe kuti ndikumva. Chibwerereni ku Lilongwe kwa azakhali ake, mchere uli pambali, ndiwo zapsa, mwini wake ali ku tirening'i. Sindinafunse. Ndinangothokoza Mulungu."

Modester anamva ngati amutula mtolo wa nkhuni umene anaiwala kuti wasenza. Zaka zonsezi akubisa, kumachapa usiku, kumanamizira malungo, chonsecho mdalayu akudziwa! Misozi inafika limodzi ndi kuseka, osadziwa ayambe chiti.

"Komanso osuta chamba ndimawadziwa ine," anapitiriza a Mphepo. "Ndalima nawo. Amaseka ndi mtengo wa bulugamu. Uyu ngakhale nthabwala zanga saseka." Anadzuka, kusasa thalauza. "Ndikaone mbuzi."

Mbuzi panyumbapo kunalibe, ngakhale imodzi.

A Mphepo atangokhota, Modester anakhuthula zonse, dzina la nthenda, sikani, dokotala, timadontho. Kochi anagwira pakamwa.

"Ndiye mwezi ndi mwezi ukajomba, ine kumati ulesi, mwina kachibwenzi! Ndinakuthamangitsa kuzungulira giraundi uli choncho? Bwanji osandiuza, chindere iwe? Ine sindine mwamuna."

"Ndinkaopa munena kuti aliyense amamva kupweteka, ndipirire."

Kochi anavomereza. "Mwina ndikadanenadi. Pepa, mwana wane. Nambala ya dokotalayo uli nayo?"

Kochi anakwera pa chulu, pamene netiweki imagwira, n'kuimba pa laudi kuti Modester naye amve. Dokotala anafotokoza modekha kuti mafuta amene anamupatsa ndi ochotsedwa choledzeretsa chija, asangogula ena a m'misika osadziwika kochokera, ndipo a mpikisano akafuna kumva zambiri amuimbire yekha.

"Bho," anatero kochi, akutsika pa chulu. Anatsegula chikwama, kutulutsa bibu, kumuponyera kumaso. "Ukachape, ikununkha thukuta lako lomwe. Shalom undisiyire ine."

Njinga itapita, a Mphepo anatulukira kuseri kwa chigafa, manja kumbuyo.

"Mbuzi zili bwanji, bambo?"

"Zonenepa." Anatola singano yosokera fodya n'kukhala pa belo. "Loweruka minibasi yanu inyamuka nthawi yanji? Mundisungire malo. Ndikaoneko chimene mumalimbirana kampira kamodzi anthu akuluakulu."